Misangu ya M'malire

Ng'ombe zidaima mwadzidzidzi, ndipo chogwirira cha pulawo chidamugunda Dyton pachifuwa mpaka adakhala pansi. Mkazi wake Lufina, amene ankatsogolera ng'ombezo ndi chingwe, adacheuka n'kufunsa ngati wapweteka. Iye adangokwawira kutsogolo kwa pulawo nayamba kufukula dothi ndi manja. Udali muzu winanso, wonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo mpeni wa pulawo udali utapindika nsonga.

"Mtengo uli uko, mizu ili kuno," adatero akuloza ndi mlomo misangu imene idandanda m'malire. "Kodi munda uno ndi wathu kapena ndi wa mitengo?"

Limeneli lidali dzinja loyamba chibwerere Dyton ku Halale, kumene adakhala zaka zambiri akugwira ntchito pafamu ya mzungu. Nkhondo yaikulu ya azungu idali pafupi kutha. Anzake amene adakwera nawo sitima adabwera ndi njinga, zipewa ndi magalamafoni, koma iye adatsika pa Balaka ndi pulawo, naisenzetsa anthu mpaka kumudzi kwa mkazi wake, kufupi ndi Kandeu. Adakatenga ng'ombe ziwiri zofula m'khola la malemu bambo ake, naziphunzitsa goli chilimwe chonse. Mumtima mwake mudali munda umene adausiya ku Halale kuja, wopanda mtengo, wopanda chitsa, mizere yowongoka mpaka polekezera maso, chimanga chokhachokha chofanana msinkhu.

Munda umene adaupeza kuno udali wina. Udali wa apongozi ake aakazi, ndipo iwo atamwalira udagawidwa pakati. Mbali ya kumtunda idapita kwa Lufina, ya kumunsi kwa mng'ono wake Veronica, ndipo malire adali misangu ija. M'chimanga akaziwa ankabzalamo nandolo, khobwe ndi maungu, ndipo akakolola, mapesi ankangowagwetsera pansi kuti chiswe chidye. Kwa Dyton kumeneku sikudali kulima, udali uve.

Veronica adali wamasiye. Mwamuna wake adafera mumgodi ku Joni, n'kumusiyira ana aakazi awiri, Regina ndi Emma. M'mawa umenewo ankalima ndi khasu kumunsi kwakeko, ndipo ataona mlamu wake ali chogwada m'dothi, adabwera akupukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Alamu, mwayamba kupempherera m'munda? Kapena chitsulo cha ku Halale chakana dothi la kuno?"

Tsiku lina Dyton akadamubwezera mawu, pakuti awiriwa adayamba kuserewulana Veronica akadali kamtsikana kosenza madzi ndi kachikho. Koma pachifuwa pankamuwawa ndipo mpeni wa pulawo sukadapezeka pafupi. Adamuuza mosapita m'mbali kuti chilimwe chikubwerachi misangu yonse igwa, ndipo mizu yake izulidwa.

Veronica adasiya kuseka. Adamupempha kuti apite naye pansi pa msangu waukulu, ndipo Dyton adamutsatira monyinyirika. Mtengowo udali utayoyola kale masamba ake, monga imachitira misangu mvula ikamayamba, nthambi zili mbee, dzuwa likufika pansi bwinobwino. Veronica adawerama natapa dothi ndi manja awiri. Lidali lakuda bii, lofewa, lonunkhira ngati bowa. Litayoyoka pakati pa zala zake mudatsala nyongolotsi zikupiringizika, timizu tambirimbiri, ndi tinthu toyera tonga ulusi tolukana ndi masamba owola.

"Ine ndilibe ng'ombe, ndilibe mwamuna," adatero. "Manyowa anga ndi amenewa. Chimanga chimene chimandifikitsa ku masika chimachokera pansi pa mitengo imeneyi."

Dyton adayankha kuti nyongolotsi ndi chakudya cha nkhuku, sizidalimepo munda wa munthu. Adati ku Halale adaona ndi maso ake matumba akudzaza ngolo m'minda yopanda mtengo ndi umodzi womwe. Kenaka adafewetsa mawu. Adalonjeza kuti misangu ikachoka azimulimira ndi ng'ombe chaka ndi chaka, munda wonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ndipo msana wa Veronica upumako ku khasu.

Veronica adayang'ana mkulu wake. Lufina adali ataima potero, chingwe cha ng'ombe chili m'manja, maso ali pansi. Dyton ankadziwa chimene chidamutseka pakamwa. Mkaziyu adakhala zaka zonsezo yekha, anthu akumunena kuti adakwatiwa ndi mtchona, ndipo tsopano ankaopa kuti mwamuna akakhumudwa akweranso sitima. Dyton adadziwa zimenezi, ndipo adazilola kuti zimuthandize.

Nkhaniyo idapita kwa amalume awo a akaziwa, a Eliya, amene adali nkhoswe ya banja. A Eliya adamvetsera onse awiri atafunda jasi limene Dyton adawabweretsera kuchokera ku Halale. Adati mkamwini wofuna kulima sapezekapezeka, ena amangodya n'kugona, choncho wopezekayu asamangidwe manja. Veronica sadatsutse. Adangoti wamva, nanyamuka.

Chilimwe chimenecho Dyton adagwira ntchito imene anthu adaikamba mpaka kumsika wa Kandeu. Adasenda makungwa kuzungulira matsinde, nasonkha moto, ndipo misangu idagwa umodziumodzi, dothi likunjenjemera. Kenaka adalimbana ndi zitsa. Mizu ina idalowa pansi kwambiri moti ankakumba dzenje lomubisa iye mwini asadaione polekeza, mpaka ankangoidula n'kukwirira. Nkhuku za m'mudzi ndi akhwangwala zinkamuzungulira tsiku lonse kutola zimene khasu linkafukula. Pomaliza adaunjika nthambi, mapesi ndi zinyalala zonse, nayatsa. Moto udayaka masiku angapo, ndipo utazima munda wonse udali woyera ngati bwalo.

Mvula itagwa, pulawo idayenda popanda chopinga. Akakowa ankatsatira m'mbuyo mwake, gulu loyera mbuu, akulimbirana nyongolotsi. Dyton adabzala chimanga chokhachokha. Nandolo ndi khobwe adaziletsa, adati zimasokoneza mizere, ndipo maungu a Lufina adasamukira kuseri kwa nyumba. Lonjezo lake adalisunga. Adalima kumunsi kwa Veronica sabata yomweyo, n'kuzula nandolo wake wakale amene adali atatsala m'mbali.

Chaka chimenecho chimanga chidachita zodabwitsa. Chidabiriwira mpaka kuda, zitsononkho zake ngati mkono wa mwana. Dyton adamanga nkhokwe yachiwiri. Mlangizi wa zaulimi wa dera limenelo, bambo wina wofatsa dzina lake Hilary, adabwera ndi mzungu wa ku boma kudzaona mizere yowongokayo, ndipo mzunguyo adamugwira Dyton chanza anthu akuona. Nayenso Veronica adadzaza nkhokwe yake mpaka adapempha malo m'nkhokwe ya mkulu wake. Adaphika thobwa, nabwera nalo yekha kwa mlamu wake.

"Ndidakunenerani zambiri, alamu," adatero akumupatsa chikho. "Chitsulo chanu chija chalankhula."

Dyton adamwa thobwalo mtima uli m'malo. Sadakumbukirenso tsiku lina limene adakondwa choncho.

Chaka chachiwiri zokolola zidatsikako pang'ono, koma palibe amene adadandaula. Chachitatu chimanga chidayamba kuchita chikasu chisadafike m'mawondo. Pakati pa mizere padamera kaufiti, timaluwa take tofiira tili psuu, ndipo pamene wamera, phesi linkangopinimbira. Dothi lidasintha mtundu, lidayamba kutuwa. Pulawo inkatembenuza zibuma zolimba zofunika kuswa ndi msana wa khasu. Mvula ikagwa, madzi sankalowa pansi monga kale. Ankadikha m'mizere kwa kanthawi, kenaka n'kuphwasula mzere, n'kuthamangira kumunsi atanyamula dothi, ndipo kumunsi kumeneko kudali kwa Veronica. M'munda mwake mudang'ambika kachigwembe kamene kankakula mvula iliyonse.

M'mawa wina Dyton akulima adacheuka, naona kuti m'mbuyo mwa pulawo mulibe kakowa ndi mmodzi yemwe. Mbalamezo zidali m'munda wa mnansi wawo, kutsidya kwa njira, zikutsatira amayi olima ndi makasu. Adaimitsa ng'ombe nayang'ana mumzere umene adangotembenuza. Mudalibe kanthu koyenda. Lufina adamufunsa chimene waimira, ndipo iye adati chingwe cha goli chamasuka.

Sadauze munthu aliyense. Adati vuto ndi mbewu, nakasinthanitsa mbewu ina kwa anzake a kumapiri. Anthu ena adamunong'oneza kuti kaufiti sabwera yekha, alipo wina amene akumuchitira nsanje, koma zimenezo adazikana. Adaganiza kuti mankhwala ake n'kulima mozama, ndipo adayamba kukanikiza pulawo mpaka ng'ombe zinkagwada. Mapesi adapitiriza kuwawotcha, chifukwa ankakumbukira zimene phulusa lidamuchitira chaka choyamba chija.

Mvula ya kumapeto kwa 1948 idayamba bwino. Koma ng'ombe zidali zitatopa ndi dothi lolimbalo, ndipo imodzi idatupa khosi pamalo a goli. Dyton adalima kumtunda kwake pang'onopang'ono, akumuuza Veronica kuti adikire, mawa kapena mkuja afika kwake. Veronica adadikira, chifukwa dothi lake lidali litafika poti khasu linkangodumpha. Pamene pulawo inkalowa kumunsiko, anthu ena adali atayamba kale kupalira.

Khirisimasi itapita, mvula idaleka. Kumwamba kudayera, dzuwa lidaswa mtengo tsiku ndi tsiku. Chilalacho chidagwira dziko lonse, ndipo palibe munda umene udapulumuka kwathunthu. Koma minda sidafe tsiku limodzi. Kwa anansi amene adasunga misangu yawo, chimanga cha pansi pa mitengo chidakhalabe chobiriwira masabata angapo, china mpaka chidabereka tizitsononkho. Nandolo wawo adaima ngati palibe chachitika. Munda woyamba kuuma m'mudzi monse udali wa Veronica, ndipo wachiwiri udali wa Dyton.

Tsiku lina Hilary adadutsa pa njinga, napeza Dyton ataima yekha pakati pa mapesi ouma. Adatsika. Dyton adazula phesi limodzi, ndipo lidazuka mosavuta ngati lidangozikidwa dzulo. Mizu yake idali yaifupi, ndipo m'malo molowa pansi idapindikira m'mbali yonse, itakoledwa ndi mizu ya kaufiti. Hilary adabwereka khasu nayamba kukumba. Sadapite patali khasu lidalira ngati lagunda mwala. Adasesa dothi ndi dzanja, ndipo pansipo padaoneka posalala, polimba ngati pansi pa nyumba yozira.

Hilary adafotokoza motsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amva. Adati kusukulu ya zaulimi adawaphunzitsako kuti pulawo ikamadutsa pamodzimodzi chaka ndi chaka imasiya pansi pogangatika chonchi, ndipo chimene chimaboola pamenepo ndi mizu ya mitengo ndi ya nandolo. Mizu imeneyo ikafa imasiya timayenje, madzi n'kumatsata momwemo, mizu ya chimanga n'kumatsata madziwo. Adati m'dothi mumakhala zamoyo zambiri, zina zooneka ngati nyongolotsi ndi chiswe, zina zazing'ono zosaoneka ndi maso, ndipo zimenezi ndi zimene zimagaya masamba ndi mapesi kuti zisanduke chakudya cha mbewu. Munthu akamawotcha chakudya chawo chaka ndi chaka, zimatha. Chimanga chambiri cha chaka choyamba chija chidadya zimene misangu idasunga kuyambira kale.

"Nanga tsiku lija mudabwera ndi mzungu, bwanji simudanene?" adafunsa Dyton.

Hilary adaika khasu pansi.

"Adatituma za mizere," adatero. "Ndipo mizere yanu idali yowongoka."

Atachoka mlangiziyo, Dyton adakhala pansi pomwepo. Apa m'pamene adayamba kukumbukira zina za pafamu paja zimene sadaziikepo mtima. Adakumbukira ngolo za manyowa zimene anthu ena ankathira iye asadafike ndi pulawo, matumba a feteleza otsika m'sitima, ndi minda ina imene mzungu ankaisiya igone mu udzu zaka zingapo ng'ombe zikudyamo. Iye adali wa pulawo, ndipo chimene adachiona ndi pulawo basi.

Njala idalowa m'mudzi mwakachetechete. Anthu adayamba ndi kudya kamodzi patsiku, kenaka gaga, kenaka adayamba kukumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Nkhokwe ya Veronica idatha msanga, chifukwa chaka cham'mbuyo nachonso sichidamupatse zambiri. Kwa Dyton kudatsala chimanga chakale pansi pa nkhokwe imodzi, ndipo Lufina ankatapako pa lichero n'kukapereka kwa mng'ono wake. Dyton sadaletse. Ng'ombe yotupa khosi ija adaisinthanitsa ndi mapira, ndipo mapirawo adadya nyumba zonse ziwiri.

Koma madzulo ena adakwera pa nkhokwe nasuzumira mkati, naona pansi pake pakuonekera. Mantha adamugwira. Mwana wawo Edson adali atabwerako kusukulu ya ku misiyoni chifukwa nakonso chakudya chidatha, ndipo mvula ina idali kutali. Dyton adatsika napeza Lufina ataima ndi lichero m'manja, ndipo mawu adangotuluka. Adati nkhokwe imodzi singathe kudyetsa nyumba ziwiri mpaka masika, ndipo munthu aliyense ayenera kuona pothawira.

Sadadziwe kuti Veronica adali kuseri kwa nkhokweyo, akudikira lichero lija. Adamva mapazi okha akuchoka.

Padapita masiku awiri. M'mawa wa tsiku lachitatu Veronica adatulukira atasenza mtolo, Emma ali kumsana ngakhale adali wamkulu woti n'kuyenda yekha, Regina atanyamula mphika. Adati akupita kumapiri, kupitirira kwa Nzama, kufupi ndi malire a Apwitikizi, kumene anthu ankati mbatata ya kachewere idachitako ndipo ganyu akupezeka. Lufina adamugwira mkono akulira, namuuza kuti mawu a mwamuna wotopa asawatengere kumtima. Dyton adayesa kunena kuti sadatanthauze zimenezo, kuti akhale, agawana chimene chilipo. Mawu ake adamveka opepuka ngakhale kwa iye mwini.

"Simudaname, alamu," adatero Veronica. Sadakweze mawu ndipo sadaoneke wokwiya. "Nkhokwe ndaiona ndi ine ndemwe. Mundawo limani wonse. Malire ake palibenso."

Adapsompsona dzanja la mkulu wake, nauyamba ulendo.

Dyton ndi banja lake adapulumuka njalayo, ataonda ngati anthu ena onse. Uthenga wa kumapiri udafika mvula itayamba kale, ndi munthu wogulitsa mipini ya makasu. Adati Veronica adalandiridwa ndi banja lina lachikhristu ndipo akugwira ntchito m'minda ya mbatata, Regina ali bwino, koma Emma adafika kumeneko atatupa miyendo ndipo sadakhalitse. Adamuika komweko mwezi wathawo. Lufina adalira maliro pakhonde, amayi a m'mudzi atamuzungulira, popanda mtembo. Kwa mwamuna wake sadanene mawu aliwonse omuimba mlandu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Dyton ankalakalaka atamukalipira.

Mvula ya chaka chimenecho idagwa yokwanira, ndipo minda ya anthu idadzuka. Wa Dyton udapereka zochepa, kaufiti ali ponseponse. Pulawo adaibwereketsa kwa munthu wa kudambo, ndipo sadapite kukaitenga. Adagwira khasu. Adapempha nandolo kwa anansi, anthu omwe aja ankawaseka kuti minda yawo ndi tchire, ndipo iwo adamupatsa. Mapesi adayamba kuwakwirira m'mizere. Manyowa a ng'ombe imodzi yotsalayo ankawasenza pamutu ndi dengu, ntchito imene amuna a m'mudzimo ankaiona ngati ya akazi, ndipo dengu lililonse ankakalithira kumunsi, mbali ya Veronica. M'kachigwembe kaja adaikamo miyala ndi kubzala nsenjere.

Ntchitoyo idali yochedwa kuonetsa zipatso. Kuwononga kudamutengera chilimwe chimodzi, koma patapita madzinja awiri akukonza, malo amene dothi lidayamba kuda ndi kufewa adali ochepa, oti munthu n'kuwazungulira osatopa. Nandolo yekha ndiye adakula bwino. Atazula tsinde limodzi adaona muzu wake utaboola pansi polimba paja, uli ndi timatuza tambiri m'mbali. Adakamuonetsa Lufina, ndipo Lufina adati Veronica akadaona akadakondwa.

Mawu amenewo ndi amene adamunyamutsa. Atakolola, adauza mkazi wake kuti akupita kumapiri kukamutenga mlamu wake. Nkhope ya Lufina idawala koyamba chichokere mng'ono wake. Adamukonzera kamba wa panjira, ndipo mwamunayo asadachoke n'komwe, Lufina adali atayamba kale kumweta udzu woti afolere nyumba ya Veronica, imene denga lake lidali litagwera mkati.

Kumapiri kudali kozizira, mphepo yolowa m'mafupa, minda ya mbatata itakwera m'zitunda. Dyton adafunsira njira mudzi ndi mudzi mpaka adamupeza Veronica akusankha mbatata pabwalo. Adali atanenepako, atafunda bulangeti m'mapewa monga amachitira akazi a kumeneko. Adamulandira mwaulemu wonse. Adamuyalira mphasa, adagwada pomupatsa moni, adafunsa za akulu ake, za Edson, za amalume. Regina adabwera kudzapereka moni, ali mtsikana wamtali amene Dyton sakadamuzindikira panjira. Ulemu umenewo udamulemera Dyton kuposa chipongwe. Ankamulandira ngati mlendo wochokera ku boma.

Adafotokoza chimene adadzera. Adanena za nandolo, za manyowa, za chigwembe chimene chidayamba kutsekeka. Adati mbali yake ya munda ili bwino tsopano kuposa ya kumtunda, ndipo chimanga cha chaka chino adachiika padera, m'nkhokwe yakeyake, chikudikira mwini wake. Adafuna kunena zambiri, za tsiku lija la kuseri kwa nkhokwe, koma Veronica adaimirira nati ayende pang'ono.

Adamutengera kumanda, kuseri kwa mudzi, m'nkhalango yaing'ono. Kamtumbira kadali kosesedwa bwino, kali ndi mtanda wamtengo. Dyton adavula chipewa. Adaima pamenepo nthawi yaitali, mphepo ikuwomba, ndipo misozi itayamba kutsika sadaipukute.

"Mwachita bwino kubwera," adatero Veronica. "Koma mwana wanga ali pano. Ndingamusiyire yani?"

Pobwerera adamuuza zina. Kudali bambo wina m'mudzimo, a Cosmas, amene mkazi wawo adamwalira, ndipo ndi iwo adasema bokosi la Emma pamene iye adalibe wina womuthandiza. Adamufunsira ukwati ndipo iye adavomera. Mwezi ukubwerawo atumiza anthu kwa amalume ake, a Eliya. Za munda adati Dyton apitirize zimene akuchitazo, asatope nazo, mwina Regina akadzakula adzaufuna, mwina sadzaufuna. Chimanga cha m'nkhokwe chija adye ndi akulu ake, chisawonongeke ndi anankafumbwe.

M'mawa mwake adamumangira mbatata m'kathumba kuti akapatse Lufina. Adamuperekeza mpaka pamtsinje, namuuza kuti akanene kwa akulu ake kuti adzabwere ku ukwati, adzatenge bulangeti chifukwa kuno kumazizira.

Dyton adatsika mapiri pang'onopang'ono, kathumba kali paphewa, akukonza m'mutu mawu oti akanene. Adafika m'mudzi dzuwa litapendeka. Nyumba ya Veronica idali itafoleredwa udzu watsopano, khonde lake litaziridwa ndi dothi lakuda, ndipo pakhomo padali mtsuko wa madzi wovundikira ndi mbale. Lufina adali chogwada pakhondepo akusalaza ndi mwala. Atamva mapazi adadzuka msanga, manja ali matope, nayang'ana kupyola mwamuna wake, kunjira imene adadzera. Adayang'ana nthawi yaitali, mpaka adatsimikiza kuti palibe wina akubwera m'mbuyo.

Dyton adatsitsa kathumba kaja nakaika pamapazi pake. Adati mng'ono wake ali bwino, wapereka moni, ndipo akukwatiwa komweko.

Lufina adagwedeza mutu. Adasamba m'manja ndi madzi a mumtsuko muja, otsalawo nawathira pansi. Adakoka chitseko cha nyumbayo, nachimanga ndi luzi kuti mbuzi zisamalowe. Kenaka adasenza mtsuko wopanda kanthuwo, nanyamula mbatata, nalowera kunyumba kwawo, Dyton akumutsatira m'mbuyo.